Mayi akupita okha ku Lyon kudzera ku Paris: aphunzire mawu ati a Chifalansa?

Kondwani wa ku Likuni:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya mayi anga. Mlongo wanga wachira ku Lyon, mzinda wa ku France, mwana wamwamuna, ndiye mayi akupita mu Disembala kukaona mdzukulu. Viza yatuluka, tikiti tagula. Anyamukira pa Kamuzu International Airport, akasintha ndege ku Addis Ababa, akatsika pa Charles de Gaulle ku Paris, n'kukweranso ina ya ku Lyon. Ulendo wonsewu ali okha. Chingerezi amachidziwa bwino poti anali mphunzitsi wa pulayimale, koma Chifalansa sadziwa ngakhale liwu limodzi. Ku Addis sindikuderako nkhawa, chikundisowetsa tulo ndi Paris. Amene munadutsako tithandizeni, aloweze mawu ati? Eni akewo ndi amene akufuna kuphunzira, moti kope agula kale.

Gift wa ku Mchesi:
Achimwene musawavutitse mayi. Pabwalo lalikulu ngati limenelo antchito amalankhula Chingerezi, zikwangwani nazonso zili m'zilankhulo ziwiri. Aikireni Google Translate pa foni, nkhani yatha.

Aphunzitsi NaMbewe:
A Gift, mbali ina mukunena zoona. Zikwangwani zili ndi Chingerezi, ndipo a pa kauntala ambiri amachimva. Koma munthu akasokera safunsa wa pa kauntala, amafunsa amene ali pafupi: wokolopa, mlonda wa pakhomo, woyendetsa basi ya pabwalo. Ena mwa amenewa Chingerezi chawo n'chochepa. Foni nayo imafuna batire, imafuna dzanja lopanda chikwama, imafunanso maso oti awerenge tizilembo munthu atachezera pampando wa ndege.

Ine ndimaphunzitsa Chifalansa ku sekondale, ndiye ndinene zimene ndikanawauza mayi akanakhala pamaso panga. Ayambe ndi moni. Ku France ukangofika pa munthu n'kuponya funso usanapereke moni, amakutenga ngati wamwano, ndipo thandizo lake limakhala la mphwayi. Anene kaye "Bonjour madame" kapena "Bonjour monsieur", katchulidwe kake bonzhur madam, bonzhur mesye. Kukada ndi "Bonsoir", bonswar. Akayankhidwa, m'pamene afunse "Parlez-vous anglais, s'il vous plaît?", parle vu angle, sil vu ple, kutanthauza kuti kodi mumalankhula Chingerezi. Mayi wa kwathu kuno izi sizingamuvute, ndi mmene tinaleredwera. Adziwenso kuti "vous" ndi inu, "tu" ndi iwe. Pabwalo la ndege aliyense ndi "vous", ngakhale kamnyamata kofanana ndi mdzukulu wawo.

Tsopano chachikulu ndi ichi, a Kondwani. Musawalembere mafunso ambirimbiri oti aloweze. Munthu akafunsa bwino m'Chifalansa, yankho limabweranso m'Chifalansa, lothamanga, iye n'kungogwedeza mutu asanatolepo kanthu. Pabwalo la ndege chimene chimapulumutsa ndi khutu ndi maso, pakamwa pamabwera pambuyo. Choncho mawu oyamba m'kope muja akhale oimitsira woyankhayo:

"Je ne comprends pas", zhe ne kompra pa, sindikumva.
"Plus lentement, s'il vous plaît", plu lantema, lankhulani pang'onopang'ono chonde.
"Pouvez-vous l'écrire?", puve vu lekrir, mungandilembere? Apa apereke kope ndi cholembera.
"Montrez-moi, s'il vous plaît", montre mwa, ndilozereni.

Pomaliza "Merci", mersi. Akagwira amenewa ayamba bwino.

Kondwani wa ku Likuni:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ine ndinali nditayamba kale kuwalembera mafunso ataliatali, ndisintha. Nanga r wawo uja wa kukhosi, mayi angamuthe?

Aphunzitsi NaMbewe:
Asalimbane naye. Atchule r mmene amatchulira masiku onse, amveka. Anthu ambiri olankhula Chifalansa muno mu Africa r wawo ndi wa palilime ndipo ku Paris amamvedwa bwinobwino. Chofunika kukumbukira n'choti zilembo zambiri za kumapeto kwa mawu sizitchulidwa. "Départs" ndi depar, "billet" ndi biye. "Ou" amatchulidwa u, "oi" amatchulidwa wa.

AnaPhiri ku Lille:
Moni a Kondwani, mafuno abwino kwa achemwali ndi khanda. Ine ndimakhala kumpoto kwa France ndipo bwalo limenelo ndi khomo langa popita ndi pobwera kumudzi. Ndikuuzeni mmene lilili kuti mayi asadzadzidzimuke.

Charles de Gaulle si nyumba imodzi. Pali Terminal 1, Terminal 3, ndi Terminal 2 yomwe inagawidwa kuyambira 2A mpaka 2G. Ina mumayenda wapansi, ina mumakwera kasitima kopanda dalaivala kotchedwa CDGVAL, kaulere, ndipo ku 2G mumapita pa basi. Eni dziko ambiri bwaloli amangolitchula kuti Roissy, rwasi, dzina la mudzi umene lili, ndiye mayi akamva dzinali asaganize kuti atsika polakwika.

Liwu limodzi loti alilembe ndi zilembo zikuluzikulu ndi "Correspondances", korespondans. Ndiyo njira ya anthu osintha ndege. Akatsika, chigulu chachikulu chidzalowera kumene kwalembedwa "Sortie", potulukira, ndi "Bagages", kotengera katundu. Munthu wotopa amangotsatira gulu, ndipo apa m'pamene ambiri amatayikira. Mayi asatsatire anthu, atsatire "Correspondances" ndi nambala ya terminal imene ili pa chiphaso chawo chokwerera ndege, chomwe amati "carte d'embarquement". Ndege zopita m'mizinda ya mkati mwa France nthawi zambiri zimanyamukira ku 2F, koma atsimikize pa sikirini akafika chifukwa zimasintha.

Pa sikirini awerenge mzere wa nambala ya ndege yawo, osati dzina la mzinda lokha, poti ndege za ku Lyon zimakhala zingapo pa tsiku. "Vol" ndi ulendo wa ndege, "porte" ndi geti, "à l'heure" ili pa nthawi yake, "retardé" yachedwa, "annulé" yalephereka, "embarquement" ayamba kukwera, "dernier appel" kuitana komaliza.

China chimene anthu sachidziwa: apolisi oona mapasipoti adzakumana nawo ku Paris komweko, osati ku Lyon, chifukwa Paris ndiye polowera m'dera la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene nthawi zambiri saona mapasipoti pamalire a pakati pawo. Ndiye mapepala onse akhale m'chikwama cha m'manja, asaikidwe mu sutikesi.

Kondwani wa ku Likuni:
Mwandithandiza AnaPhiri, ine ndimaganiza kuti zonse zikachitikira ku Lyon komwe mlongo wanga adzakhale akudikira. Apolisiwo amafunsa chiyani?

AnaPhiri ku Lille:
Amatchedwa Police aux frontières. Mafunso awo sachuluka: mwabwera kudzatani, mukhala nthawi yaitali bwanji, mukafikira kuti. Viza payokha sikutanthauza kuti sangafunse umboni. Akhoza kufuna kuona tikiti yobwererera, "billet retour", pepala la inshuwalansi ya zaumoyo ija ya ma euro 30,000, komanso "attestation d'accueil", kalata imene achemwali anu anakatenga ku mairie, ofesi ya mzinda, yotsimikiza kuti mayi akafikira kwa iwo. Anyamule yeniyeniyo, osati chithunzi cha pa foni. Kuyambira mu Okutobala 2025 maiko a Schengen anayambanso kujambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala kwa alendo ochokera kunja, ndiye akamva "Regardez la caméra" ayang'ane kamera, akamva "doigts", dwa, ndi zala.

Koma apa maganizo anga ndi akuti, moni yekha apereke m'Chifalansa, zotsalazo ayankhe m'Chingerezi chimene amachidziwa. Pa wapolisi si pophunzirira chilankhulo. Ukayankha "oui" pa funso lomwe sunalimve ukhoza kudziika m'mavuto.

Aphunzitsi NaMbewe:
Ndikuvomereza, AnaPhiri, makamaka pa "oui" wongoyankha mwaulemu uja. Ife tinazolowera kuvomera wamkulu akamalankhula, pamenepo chizolowezi chimenechi achisiye. Komabe ziganizo ziwiri izi ndikanakonda akhale nazo, chifukwa n'zoona ndipo n'zazifupi: "Je rends visite à ma fille", zhe ra vizit a ma fiy, ndabwera kudzaona mwana wanga wamkazi, ndi "Chez ma fille, à Lyon", she ma fiy a liyo, kwa mwana wanga ku Lyon. Zinthu zikavuta anene "Je voudrais un interprète", zhe vudre en enterpret, ndikufuna womasulira. Ndipo asasayine pepala lililonse limene sanalimvetse.

Gift wa ku Mchesi:
Koma anthuni, mukuona kuchuluka kwa zimene mwalemba kale? Mayi wachikulire aziloweza zonsezi? Ine ndimanena za foni chifukwa chowamvera chisoni. Chifalansa chimatheka kuchisungiratu mu Google Translate n'kumagwira ntchito popanda intaneti, ndipo ukaloza kamera pa chikwangwani imamasulira pomwepo.

Kondwani wa ku Likuni:
A Gift, foniyo tiwaikira ndithu, zikomo potikumbutsa zosungiratu chilankhulocho. Koma mayi anga ndimawadziwa. Akapanikizika foni amaiiwala m'chikwama, pamene chinthu chimene analemba ndi dzanja lawo sachiiwala. Ndipo akufuna akafike kwa apongozi a mlongo wanga ali ndi moni pakamwa.

Bambo Tembo wa ku Chipata:
Ndilowepo pa nkhani ya manambala, chifukwa m'pamene Chifalansa chimagwetsa anthu. Ine ndimachita malonda ku Lubumbashi, ndimadutsa pa Kasumbalesa, nthawi zina pa bwalo la Luano. Ku Congo 70 amati "septante", 90 amati "nonante", monga ku Belgium. Zosavuta. Koma ku France 70 ndi "soixante-dix", ndiko kuti 60 ndi 10. 80 ndi "quatre-vingts", ma 20 anayi. 90 ndi "quatre-vingt-dix", ma 20 anayi ndi 10. Munthu wosadziwa akamva "quatre-vingt-dix-sept" amalemba 4, 20, 10, 7, pamene akunena 97. Mayi akamva nambala ya ndege kapena mtengo wa chinthu, angopempha kuti awalembere.

Aphunzitsi NaMbewe:
Bambo Tembo mwakhudza penipeni. Ana anga m'kalasi ndimawauza kuti asadabwe, ifenso timati zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi, timawerenga mophatikiza chimodzimodzi. Kwa mayi, aphunzire 1 mpaka 20 ndi makumi mpaka 60, aziwamva wina akutchula, osati kungowerenga. Asamale ndi awa ofanana m'khutu: "deux" 2 ndi "douze" 12, "six" 6 ndi "dix" 10, "treize" 13 ndi "seize" 16.

Zilembo nazo zimapusitsa munthu wodziwa Chingerezi. G m'Chifalansa amatchulidwa zhe, J amatchulidwa zhi, mosemphana ndi Chingerezi. Wina akati "deux G", mayi akhoza kumva ngati J n'kumafunafuna terminal yomwe kulibe. I amatchulidwa i ngati m'Chichewa, pamene E amamveka ngati e wotchulidwa milomo itasongoka. N'chifukwa chake kuonetsa chiphaso chokwerera ndege n'kunena "Où est cette porte, s'il vous plaît?", u e set port, geti ili lili kuti, kumaposa kutchula wekha.

Polozera njira adzamva "à gauche", a gosh, kumanzere, "à droite", a drwat, kumanja, ndi "tout droit", tu drwa, kulunjika kutsogolo. Awiri omalizawa ndi amene ndimawadera nkhawa. Amvetsere t wa kumapeto: akamveka ndi kumanja, akapanda kumveka ndi kutsogolo. "En haut", a o, ndi pamwamba, "en bas", a ba, ndi pansi.

AnaPhiri ku Lille:
Ndi nthawinso. Kuno mawotchi a pabwalo amawerenga mpaka 24, amalemba 14h30. Mu Disembala France imakhala kumbuyo kwa Malawi ndi ola limodzi, pamene Addis Ababa ili patsogolo ndi ola limodzi. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene ali, ndiye akatsika paliponse ayang'ane wotchi ya pakhoma asinthe yawo ya pamkono.

Mayi Nyirenda, namwino:
A Kondwani, mayi miyendo ili bwanji? Ndikufunsa chifukwa makonde a pabwalo limenelo ndi ataliatali. Ku Ulaya lamulo limati munthu wovutika kuyenda athandizidwe kwaulere pabwalo la ndege, bola mupemphe kwa a kampani ya ndege kusanatsale maola 48. Amakamulandira pakhomo la ndege ndi wilitcheya, n'kumudutsitsa kwa apolisi mpaka pa geti lina. Si za olumala okha, achikulire a mawondo ovuta amathandizidwanso. Liwu lake ndi "assistance", asistans, ndipo wilitcheya ndi "fauteuil roulant", fotey rula. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, akhale m'chikwama cha m'manja m'mabokosi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, yomwe amati "ordonnance". Posechedwa akafunsidwa anene "C'est mon médicament", se mo medikama. Aphunzirenso "Je ne me sens pas bien", zhe ne me sa pa bye, sindikupeza bwino. Ndipo "toilettes", twalet, asachite nalo manyazi.

Kondwani wa ku Likuni:
Mayi Nyirenda, bondo lakumanja limawavuta akaima nthawi yaitali. Ndawafunsa za wilitcheya, poyamba akana kuti anthu aziti adwala. Nditawauza kuti womukankhayo ndi amene amadziwa njira, ati aganizira. Mawa ndikafunsa kumene tinagula tikiti.

Funso lina. Akonza usipa, ufa ndi nyama yowamba kuti akapatse mlongo wanga, akufunanso kutenga mango poti ndi nyengo yake. Zikalowa?

AnaPhiri ku Lille:
Nyama ayi, achimwene, ngakhale yowamba bwanji. Malamulo a European Union salola munthu wochokera kunja kulowa ndi nyama kapena za mkaka. Mango nawonso asiye, zipatso zambiri zaziwisi zimafuna kalata ya boma yotsimikiza kuti zilibe matenda a mbewu. Nsomba zouma n'zololedwa mpaka makilogalamu 20, ndiye usipa amange bwino m'mapulasitiki angapo kuti fungo lisalowe m'zovala. Oyang'ana katundu ndi "douane", dwan. Khomo lobiriwira lalembedwa "Rien à déclarer", palibe choti ndionetse, lofiira ndi la amene ali ndi zoti aonetse. Akafunsidwa kuti m'phukusimo muli chiyani: "poisson séché", pwaso seshe, nsomba zouma, ndi "farine de maïs", farin de mayis, ufa wa chimanga.

Pa Kamuzu pomwepo, popereka sutikesi, muwerenge kapepala kamene amamata. Pakalembedwa LYS ndiye kuti katundu akukafika ku Lyon yekha, mayi asamudikire ku Paris. Pakalembedwa CDG ndiye kuti ayenera kumutenga ku Paris n'kumuperekanso, zomwe zimadya nthawi. Funsani muli pomwepo, ndipo kachidutswa kamene amakupatsani asakataye.

Chikondi wa ku Ndirande:
Kachidutswa kameneko n'kofunikadi. Ine sutikesi yanga inatsalira panjira pa ulendo wina wa ku West Africa, ndipo bambo amene ndinamupeza pa ofesi ya katundu sankadziwa Chingerezi. Chinandithandiza n'choti mnzanga anandilemberatu "Ma valise n'est pas arrivée", ma valiz ne pa arive, sutikesi yanga sinafike. Ndinaonetsa mawuwo ndi kachidutswa kaja, iye anatulutsa pepala la zithunzi za masutikesi kuti ndiloze yofanana ndi yanga, n'kundilembera nambala ya dandaulo. Katundu anandipeza ku hotela. Mayi ajambuliretu sutikesi yawo pa foni, adziwenso mtundu wake: "noire" yakuda, "bleue" yabuluu, "rouge" yofiira.

Thoko M.:
Pepani ndilowerere ndi langa. Ine a kuntchito akunditumiza ku msonkhano ku Abidjan, ku Ivory Coast. Mawu amenewa akagwiranso ntchito kumeneko?

Chikondi wa ku Ndirande:
Akagwira, achemwali, ndipo kumeneko mukawafuna kuposa ku Paris chifukwa Chingerezi n'chosowa mukangotuluka pa bwalo la Félix Houphouët-Boigny. Chinthu choyamba kufunsidwa mukatsika, musanafike n'komwe pa mapasipoti, ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Mudzamva "carnet de vaccination" kapena "fièvre jaune", fyevr zhon. Katemerayo abayidwe kusanatsale masiku 10 kuti mufike, ndipo kuyambira 2016 bungwe la WHO linati khadi limeneli ndi la moyo wonse. Ndalama yawo ndi CFA franc, euro imodzi ndi ma franc pafupifupi 656, ndiye mitengo imakhala m'masauzande. Phunzirani "mille", mil, 1,000, ndi "C'est combien?", se kombye, ndi zingati. Takisi mugwirizane mtengo musanakwere. Nthawi yawo ili kumbuyo kwa yathu ndi maola awiri.

Bambo Tembo wa ku Chipata:
A Thoko, manambala a ku Abidjan ndi a ku France aja, soixante-dix ndi quatre-vingt-dix, osati a ku Congo. Wa takisi akatchula mtengo, mupatseni foni alembe yekha.

Aphunzitsi NaMbewe:
Nonse awiri, a Kondwani ndi a Thoko, pezani munthu wolankhula nanu maso ndi maso. Ku Lilongwe si osowa. Abale athu ochokera ku Congo ndi ku Burundi, amene ambiri anafikira ku Dzaleka ku Dowa, tili nawo m'misika ndi m'matchalitchi, ndipo ambiri Chichewa amachilankhula bwino. Mupempheni mmodzi akhale ngati wantchito wa pabwalo, aziyankha mothamanga dala, mayi aziyeserera kumuimitsa ndi "plus lentement" n'kumupatsa kope. Mungomuuza kuti manambala atchule a ku France.

Pali chiganizo chimodzi chimene sitinachitchule, ndipo ndikupemphera asachigwiritse ntchito. Ndege ya ku Addis ikachedwa kapena mzere wa apolisi ukatalika, ya ku Lyon n'kuwasiya, asachite mantha. Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, kampani imawaika pa ndege yotsatira. Apite pa kauntala anene "J'ai raté ma correspondance", zhe rate ma korespondans, ndege yanga yachiwiri yandisiya. Kenako "Pouvez-vous appeler ma fille?", puve vu apele ma fiy, mungamuimbire mwana wanga, n'kuonetsa nambala.

Kondwani wa ku Likuni:
Tikiti ndi imodzi, ndatsimikiza, ndipo ku Paris ali ndi maola okwanira osinthira. Nambala ya mlongo wanga ndi adiresi yake tazilemba patsamba loyamba la kope ndi pa kapepala kena ka m'pasipoti. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wa ku Bukavu ku Congo amene amaimba kwaya ndi mayi, ndamuimbira ndipo wavomera kubwera Loweruka masana. Nyama ija tidya konkuno. Aphunzitsi, ngati n'kotheka mutijambulire mawu anu mukutchula manambala ndi zilembo zija, mayi azimvetsera akamaphika.

Aphunzitsi NaMbewe:
Ndijambula madzulo ano ndikaweruka. Ndidzatchula kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mothamanga ngati mmene zimamvekera pa zokuzira mawu za pabwalo. Munditumizire nambala za ndege zonse zitatu kuti ndizitchulemonso. A Thoko, inunso tumizani yanu.